Mwana Wamkazi wa kwa Nsanama ndi Sukulu ya Asisiteri

(Nyimbo yotsegulira, imveke kenaka ichepe pang'onopang'ono)

WOKAMBA: Ndikulankhula ndi inu nonse amene mwatchera khutu ku wailesi madzulo ano, kuyambira inu mafumu, eni nthaka, amene mumasunga anthu kwa Nsanama, ku Ntaja, ku Mpiri ndi ku Liwonde, mpaka kutsidya kwa Shire ku Ulongwe, ku Utale ndi ku Balaka, ndi inu abambo ndi amayi, amjomba ndi eni mbumba, amene mawu anu ndiwo amamanga kapena kumasula nkhani ya mwana pakhomo, ndiponso ndi inu ana anga aakazi, amene kapena mukumvetsera mthiko uli m'manja, pakuti nkhani ya lero, ngakhale ndiikamba ndi akuluakulu, eni ake ndinu.

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a sitandade 8 zikatuluka ku MANEB, m'makomo ambiri a kuno kwathu mumabuka funso limene limakambidwa motsitsa mawu usiku ana atagona: mwanayu wakhoza, nanga tsopano timutani? Kodi ayendere pa sukulu ya pafupi, kodi tigulitse mbuzi ndi nandolo kuti akagonere kwa asisiteri, kapena tingomusiya, popeza wakula kale ndipo ofunsira ayamba kuzungulira pakhomo? Ine ndadza kudzaikira kumbuyo njira yachiwiriyo, sukulu ya sekondale ya atsikana okhaokha yoyendetsedwa ndi Mpingo wa Katolika. Ndipo ndidzayesa kunena zabwino zake mosawonjeza, ndi zovuta zake mosabisa, chifukwa munthu woitanira anzake ku dziwe osawauza kumene kuli kozama sawafunira zabwino.

Tiyambe ndi mmene zinthu zilili. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu amene boma linachita m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, amayi 42 anali atakwatiwa asanakwanitse zaka 18, ndi kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19, atsikana 29 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera; ndipo boma lathu la Machinga linali m'gulu la maboma amene chiwerengerochi chinali chokwera kuposa cha dziko lonse. Malamulo alipo ndithu. M'chaka cha 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maukwati loika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatiwira, ndipo mu 2017 inakonzanso malamulo aakulu a dziko kuti pasatsale kakhomo kolowera ukwati wa ana. Koma lamulo limakhala ku Lilongwe ndi kubwalo la milandu, pamene mwana amakhala pakhomo ndi panjira, ndipo pamenepo ndi pamene nkhani yake imathera.

Tsono tiyeni timuperekeze tsiku limodzi mwana wamkazi wa fomu 1 amene amayendera. Tambala akalira kachiwiri iye ali kale chilili, tsache lili m'manja. Akasesa athamangire kumjigo, kumene apeza mzere wa ndowa utafika patali. Akabwerako ateleke madzi osamba a bambo ake ndi a alongo ake, atsuke mbale, ndipo pamenepo mpamene asamba iye mwini ndi kuuyamba ulendo, umene kwa ambiri ndi wa mtunda wautali, nthawi ya mvula mitsinje itadzaza, nthawi ya chilimwe dzuwa la kuno lili ng'aa. Afika mphunzitsi atalemba kale pabolodi ndi kufufuta. Masana alibe kanthu m'mimba. Pobwerera, dzuwa litapendeka, nkhuni zikumudikira, chigayo chikumudikira, ndiwo zikumudikira, khanda la amayi ake likulirira kumsana. Ndipo pamene mbale zausiku zatsukidwa, ndi kuti tsopano atsegule kope, maso alemera, nyale ilibe mafuta, tochi yatha batire. Mlongo wake wa kalasi lomwelo anaweruka, nadya, napita kumpira, nabwera kudzawerenga. Sindikunena izi kuti ndidzudzule inu amayi, pakuti inunso munaleredwa motero, ndipo khomo lopanda manja ogwira ntchito siliima. Koma tisadabwe mayeso akatuluka mnyamata ali patsogolo, nkumati mutu wa mkazi ngwofewa, pamene chimene chinamusowa mwanayo si nzeru ayi, koma nthawi.

Ndipo panjira paja sipakhala fumbi lokha. Pali wakabaza amene lero amutenga ulere, mawa ulere, mkuja akumbutsa ngongole. Pali mnyamata wobwera ku Joni, foni yonyezimira m'manja, nsapato zachilendo kuphazi, amene mwezi wamawa abwerera kumene anachokera. Pali asodzi a ku Chilwa ndi ku Chiuta nthawi imene nsomba zafa bwino, ndi amalonda a tsiku la msika, ndalama zili m'thumba la malaya. Mwana wanjala, wopanda sopo, wopanda mafuta odzola, amene anzake amamuseka chifukwa cha siketi yong'ambika, sangathe kuona kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Makolo ena, pofuna kufupikitsa mtunda, amamupezera kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu kuti azidziphikira yekha. Koma pamenepo mwana wa zaka 14 amakhala mwini nyumba wopanda wamkulu womuyang'anira, chitseko chake chodziwika kwa aliyense woyenda usiku, ndipo ufa ukatha m'thumba pakati pa mwezi, wogogoda ali ndi kanthu m'manja savuta kumutsekulira. Zotsatira zake anamwino a pachipatala cha boma ku Liwonde amaziona: ana akubereka ana anzawo, chiuno chisanakhwime, ena kuchita kung'ambidwa, ena kutsala ndi nthenda ya fistula imene imachotsa munthu pakati pa anzake, ena osabwerako nkomwe.

Chimene sukulu ya asisiteri imapatsa mwana wotereyu, choyamba ndi chachikulu pa zonse, si nyumba za malata kapena yunifolomu yosita ayi, koma maola ake a tsiku, amene imamubwezera onse amphumphu kwa zaka zinayi. Belu likalira m'mawa adzuka, akonza pogona pake, agwira kantchito kamene anagawiridwa, pakuti asisiteri salera ulesi. Koma ntchitoyo ili ndi malire, ndipo belu lina likalira imathera pomwepo. Kuchokera pogona kufika m'kalasi ndi mapazi owerengeka. Phala lilipo, nsima ilipo masana ndi madzulo, ngakhale ndiwo zikhale nyemba lero ndi mawa lomwe. Usiku, nthawi imene mnzake wa kumudzi akukwecha mphika, iye ali pa desiki pansi pa getsi, m'chipinda mmene muli zii, aliyense maso pabuku. Masiku a kumwezi, amene pa sukulu zambiri zoyendera amajombetsa atsikana chifukwa chosowa madzi ndi malo obisika, ndiponso chifukwa choopa kusekedwa ndi anyamata, kumeneko ndi nkhani ya amayi okhaokha, yopanda manyazi. Muwerengetse nokha maola amenewa pa sabata, pa teremu, pa zaka zinayi, ndipo mudzaona kumene kumachokera kusiyana.

Ntchito imeneyi siinayambe dzulo, ndipo mizu yake ili m'dera lathu lomwe lino. Amishoni oyamba a Katolika, a chipani cha White Fathers, anafika kwa Mponda ku Mangochi m'chaka cha 1889, koma sanakhalitse, nachoka mu 1891. Mu 1901 ansembe a chipani cha Montfort anakhazikika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, ndipo posachedwa anaona chimene aliyense wodziwa mudzi akanawauza, kuti mwamuna wachilendo sangalowe kukhitchini kapena kumtondo kukaphunzitsa ana aakazi a eni. Chifukwa chake mu 1904 kunabwera asisiteri a chipani cha Daughters of Wisdom. Patapita zaka, mu 1925, Ambuye Louis Auneau anayambitsa chipani cha asisiteri achikuda, Atumiki a Maria Virigo Woyera, ndipo kuyambira pamenepo ana a m'midzi anayamba kuona ndi maso awo mkazi wa khungu lawo, wolankhula chinenero chawo, ataima kutsogolo kwa kalasi choko chili m'manja. M'ntchito imeneyi ndi ya zipani zina zimene zinatsatira munatuluka sukulu zimene mayina ake mumawamva zotsatira za fomu 4 zikamalengezedwa: Providence ku Mulanje, Stella Maris ku Blantyre, St Mary's ku Zomba, Likuni Girls ku Lilongwe, Ludzi ku Mchinji, Marymount ku Mzuzu. Kuno ku Dayosizi ya Mangochi, imene inakhazikitsidwa mu 1973 pansi pa Ambuye Alessandro Assolari, ndipo imakuta maboma a Mangochi ndi Balaka ndi mbali ina ya Machinga, tili ndi St Monica ku Mangochi, ndi Bakhita m'tauni ya Balaka, yoyendetsedwa ndi asisiteri a Canossa, omwewo amene mumawaona pa parishi ya kwa Nsanama.

(Nyimbo yaifupi)

WOKAMBA: Ndifuna ndichedwe pang'ono pa dzina limenelo la Bakhita, chifukwa ambiri timalitchula podutsa ku Balaka osadziwa mwini wake, pamene mbiri yake ikufotokoza chinthu chachiwiri chimene sukulu yotere imapatsa mwana.

Josephine Bakhita anabadwira ku Darfur, m'dziko la Sudan, cha m'ma 1869. Ali kamwana anagwidwa ndi ogulitsa akapolo, nagulitsidwa kuchoka kwa mbuye uyu kupita kwa uyo, namenyedwa, natemedwa mphini zambiri pathupi ndi kuthiridwa mchere m'mabalamo, kufikira anaiwala ngakhale dzina limene anamutcha makolo ake. Ife a m'mbali mwa Shire nkhani yotere siyachilendo, pakuti misewu ya akapolo yopita kunyanja yamchere inadutsa m'dziko lomwe lino, ndipo agogo athu, a mitundu yonse, anaidziwa misozi yake. Pomaliza anagulidwa ndi kazembe wa dziko la Italy ku Khartoum, amene anapita naye kwawo mu 1885, ndipo kumeneko anakhala mlezi wa mwana m'banja lina. Mayi wa banjalo, pokhala ndi ulendo, anamusiya pamodzi ndi mwanayo m'nyumba ya asisiteri a Canossa mu mzinda wa Venice. Tsono mverani chimene chinachitika: pamene mayiyo anabwera kudzamutenga kuti abwerere naye ku Sudan, mtsikana uja, amene chibadwire sanafunsidwepo maganizo ake pa kanthu kalikonse, amene anazolowera kutengedwa ngati katundu, anakana. Anamunyengerera, anamuopseza, iye anakanabe. Nkhani inafika kwa oweruza, ndipo m'mwezi wa Novembala 1889 anagamula kuti iye ndi mfulu. Anabatizidwa mu 1890, nachita malumbiro ake a usisiteri mu 1896, natumikira zaka zambiri m'tauni ya Schio kufikira imfa yake mu 1947. Ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe uja anadzatichezera kuno mu 1989, anamulengeza kukhala woyera m'chaka cha 2000.

Kodi mphamvu yokana ija anaitenga kuti? Anaitenga m'miyezi imene anakhala pakati pa amayi amene anamuyesa munthu, namuphunzitsa kuti moyo wake uli ndi Mwini, amene sagula ndipo sagulitsa. Ine ndikhulupirira ndi mtima wonse kuti ichi ndicho chuma chobisika cha sukulu ya atsikana. Mwana wathu wamkazi timamulera kuti agwade, ayang'ane pansi, ayankhe motsitsa mawu, ndipo ulemu umenewu ndi wokongola, sindiunyoza. Koma pamodzi ndi ulemuwo nthawi zambiri timamulanda liwu limodzi limene lidzamupulumutse tsiku lina, liwu lakuti ayi. Amaopa kukana wamkulu, amaopa kukana mphunzitsi, amaopa kukana mwamuna aliyense wolankhula molimba. Mayi amene anayambitsa chipani cha asisiteri aja, Magdalena wa ku Canossa, wobadwa mu 1774 m'banja lachifumu ku Verona, anasiya nyumba ya makolo ake nakakhala pakati pa atsikana osauka a mumzindamo mu 1808, chifukwa anaona kuti mtsikana wosaphunzira alibe pothawira. Ndipo anaphunzitsanso atsikana a kumidzi uphunzitsi, kuti akabwerera kwawo akaphunzitse anzawo.

Pa sukulu ya atsikana okhaokha palibe udindo umene ungasiyidwire mnyamata, popeza mnyamatayo palibe. Woimira ophunzira onse pamaso pa ahedi ndi mtsikana. Woliza belu, wosunga makiyi a nyumba ya mabuku, wotsogolera mtsutso, woimba ng'oma m'kwaya, woyamba pa masamu, onsewo ndi atsikana. M'chipinda cha sayansi, kumene pa sukulu zosakaniza kawirikawiri anyamata amathamangira zipangizo atsikana nkutsala akulemba zimene anzawo apeza, kuno mtsikana ayatsa yekha moto, ayeza yekha mankhwala, alakwitsa, nayambanso. Akayankha molakwa palibe amene amuwombera mluzu poweruka. Akayankha bwino palibe amene amunena kuti akudzionetsera. Ndipo tsiku ndi tsiku amaona mayi akuyendetsa sukulu, akuwerengera ndalama, akulamula amisiri ndi alonda, mwina kuyendetsa galimoto yokagula chimanga. Mwana amene waona zimenezi zaka zinayi, mukadzamuuza kuti mayi Joyce Banda, wobadwira kwa Malemia ku Zomba konkuno, analamulira dziko kuyambira 2012 mpaka 2014, kapena kuti mayi Anastasia Msosa anakhala mkulu wa oweruza milandu onse mu 2013, sayesa nthano. Amangoti nanga n'chiyani chingalepheretse.

Za chipembedzo ndiyenera kuzikamba mosamala, pakuti kuno kwathu belu la tchalitchi ndi kuitana kwa kumzikiti zimamveka m'mudzi umodzi, ndipo m'mbumba imodzi mumapezeka Mkatolika ndi Msilamu akudyera mbale imodzi. Sukulu ya Katolika siibisa chimene ili: muli mtanda pakhoma, muli pemphero m'mawa ndi madzulo, muli Misa. Phindu lake kwa mwana ndi lakuti amakula akudziwa kuti pali Diso limene limaona ngakhale asisiteri atagona, kuti kubera mayeso ndi kuba ndithu, kuti thupi lake ndi lolemekezeka, ndi kuti nzeru imene walandira adzafunsidwa nayo mlandu ngati saitumikira nayo anzake. Ndipo ndani wa ife, pogona pachipatala usiku, safuna namwino woopa Mulungu? Koma kwa inu abale anga Achisilamu, amene mumaopa kuti mwana akapita kwa asisiteri akabwerako atataya chipembedzo cha makolo ake, ndikuti mantha anu ndawamva ndipo sindiwapeputsa. Tonse tikukumbukira mkangano wa hijabu umene unatseketsa sukulu kwa M'manga, m'boma la Balaka, mu 2019, ndi mmene atsogoleri a mipingo yachikhristu ndi a Chisilamu, mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, anakhalira pansi nasayinirana mgwirizano mu 2021 wokhudza kavalidwe ka ana Achisilamu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Mpingo wa Katolika, pa msonkhano wake waukulu wa ku Vatican umene unatha mu 1965, unaphunzitsa poyera kuti munthu asakakamizidwe pa nkhani ya chikhulupiriro, ndiponso kuti aphunzitsi oyamba a mwana ndi makolo ake. Chifukwa chake musanatumize mwana, pitani nokha, kaonaneni ndi ahedi, mufunse za mapemphero, za chakudya, za mwezi wa Ramadhani, za kavalidwe, mumve yankho ndi makutu anu. Safunsa anadya phula. Ndipo kwa inu oyendetsa sukuluzi ndikuti, mwana wa Shehe akalowa pachipata panu ndi mlendo wolemekezeka, amene makolo ake akukhulupirirani ndi chinthu chawo cha mtengo wapatali.

(Nyimbo yaifupi)

WOKAMBA: Tsopano ndifike pa zimene ena a inu mwakhala mukung'ung'udza chiyambire pulogalamu ino.

Wina akuti, mwana wotsekeredwa mumpanda zaka zinayi osaona mnyamata, tsiku lotuluka adzakhala ngati wachoka m'ndende, ndipo woyamba kumusekerera ndi amene adzamutenge. Mawuwa ali ndi choona chake, ndipo sukulu imene imalera ana ndi mantha okhaokha, osawauza zoona za thupi lawo ndi za dziko, ikuwatchera msampha. Koma inu alimi a mpunga a m'madambo a Chilwa mukudziwa kuti mbande sizikhala pa nazale mpaka kukolola. Zimakhalapo kufikira mizu italimba, kenaka mumaziwokera m'munda mmene muli madzi ambiri ndi mphepo, ndipo zimapirira chifukwa cha masiku aja a pa nazale. Mwana amatuluka pa tchuthi katatu pa chaka, amakumana ndi alongo ake ndi anyamata a m'mudzi, amakapikisana ndi sukulu zina pa masewera ndi pa mitsutso. Kusiyana kwake n'kwakuti podzakumana ndi dziko kotheratu amakhala wa zaka 18, setifiketi ili m'manja, wodziwa kulankhula, osati wa zaka 14 wanjala panjira.

Wina akuti adzabwerako wonyada, wosadziwa kugwira khasu ndi munsi, wonyoza anankungwi ndi miyambo ya makolo. Zimachitika kwa ena, ndipo n'zomvetsa chisoni. Koma kunyada sikuphunzitsidwa ndi buku, ndipo mwana amene pa tchuthi mumulandira ngati mwana, nimumupatsa khasu lake, sataya kwawo. Za chinamwali ndinena mawu amodzi okha: malangizo a ulemu, ukhondo ndi kusunga khomo ndi chuma chathu, ndipo asungidwe, koma langizo lililonse louza mwana wa sitandade 6 kuti akayese zimene wamva, mafumu ambiri analiletsa kale, ndipo amene akulisungabe mobisa akupha mbumba yawo yomwe.

Wina akuti, sukuluzi zimakhoza chifukwa zimasankha ana anzeru kale. Ichinso n'choona pang'ono, ndipo sindidzanamiza munthu kuti mpanda wokha umasandutsa mwana aliyense kukhala dokotala. Koma funsani aphunzitsi a ku pulayimale kuti atsikana angati amene ankatsogola m'kalasi mu sitandade 7 lero ali ndi ana atatu kumsana ndi m'manja, ndipo mudzaona kuti nzeru yopanda pokhala pabwino imatayika chimodzimodzi.

Koma cholemera pa zonse ndi ndalama, ndipo apa sindikhala ngati sindikudziwa mmene chaka chimathera m'nkhokwe zathu. Fizi ya sukulu yogonera, kuwonjezapo yunifolomu, zofunda, sopo ndi thiransipoti, ndi katundu wothyola khosi kwa mlimi amene nandolo wake ogula amutsitsa mtengo, kapena amene thonje lake lapsa ndi ng'amba ya ku Balaka. Malo nawonso ndi ochepa. Chiyambire 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi, mwana wa boma lomwe lino la Machinga, linachotsa fizi ku pulayimale, ana anasefukira m'makalasi, koma zipata za sekondale sizinakule mofanana, ndipo ambiri amene amasankhidwa amapita ku sukulu zoyendera za m'madera. Maepiskopi athu, m'kalata yawo yotchuka ya m'nyengo ya Lenti ya 1992, anadandaula kale za kuthithikana m'makalasi, kuchepa kwa aphunzitsi ndi kusalingana kwa mwayi wa maphunziro. Ndipo ine ndinena mwaulemu kwa Mpingo umene ndimaukonda, kuti sukulu zimene zinamangidwira ana a osauka zisasanduke za ana a olemera okhaokha, pakuti Magdalena wa ku Canossa sanasiye chuma cha kwawo kuti akatumikire okhuta. Thumba lothandiza ana osowa liyenera kukhala pa mtima pa sukulu iliyonse yotere, ndipo amayi amene anaphunzira kumeneko, amene lero ali m'maofesi ku Blantyre ndi ku Lilongwe, akumbuke kuti pabedi pamene ankagona pakufunika mwana wina wa kumudzi.

Komabe, inu amjomba, inu eni mbumba, ndikupemphani muunike bwino musananene kuti sitingathe. Pa maliro timasonkha, pa sadaka timasonkha, pa ukwati timasonkha mpaka kukongola, mnyamata akafuna ya ulendo wa ku Joni mbuzi zimagulitsidwa tsiku lomwelo. Kodi n'chifukwa ninji fizi ya mwana wamkazi yokha imasiyidwira mayi ake? Kwathu kuno mbumba imayenda ndi mkazi. Mwana wa mlongo wanu ndiye mudzi wanu wa mawa, ndiye adzasunge manda a makolo anu, ndipo akaphunzira, malipiro ake sapita kutali ndi khomo limene anabadwira. Mutu umodzi susenza denga. Mbumba imodzi ikagawana teremu, uyu ya chimanga, uyu ya mpunga, wa ku Joni natumiza yake, amayi natapa ku banki m'khonde, mphakati wa kutchalitchi kapena abale a kumzikiti naponyapo, mwana mmodzi angathe kumaliza. Ndipo mmodziyo kawirikawiri ndi amene amadzakoka abale ake.

Nanga ochuluka aja amene malo kwa asisiteri sadzawapeza, tiwataye? Ayi ndithu. Zambiri mwa zimene ndatchulazi si zamatsenga, ndipo khomo lililonse lingathe kubwerekako. Mwana wamkazi akhale ndi maola ake awiri madzulo amene palibe womutuma, ngakhale kubwere alendo. Mlongo wake anyamule chigubu apite kumjigo, sadzathyoka. Ndalama yogulira kanyale ka sola ipezeke. Ana a mudzi umodzi aziyenda pagulu popita ndi pobwera. Mafumu ndi makomiti a sukulu zoyendera alimbike kuumba njerwa za nyumba zogona atsikana, zokhala ndi mayi wowayang'anira, kuti tizipinda ta lendi tija tithe. Amayi a gulu loyang'anira atsikana pa sukulu apatsidwe ulemu ndi mphamvu akagogoda pakhomo la mwana amene wasiya kubwera. Ndipo amene anapunthwa kale, ali ndi khanda m'manja, adziwe kuti chiyambire 1993 boma limalola mtsikana wobereka kubwerera ku sukulu. Agogo alere mdzukulu, mwana abwerere ku desiki, ndipo aphunzitsi amulandire osamutonza.

Kwa inu amene mwana wanu ali mu sitandade 7 kapena 8 chaka chino, nthawi yofunsa ndi ino, osati zotsatira zitatuluka. Ku sukulu zina za Mpingo boma ndilo limasankhirako ana malinga ndi mmene akhozera, pamene zina zimalembetsa mayeso awoawo olowera, ndipo masiku ake amalengezedwa m'matchalitchi ndi pa wailesi. Pitani ku ofesi ya parishi kwa Nsanama, ku Mpiri, ku Utale kapena ku Balaka, kapena kwa ahedi a sukulu imene mwana akuphunzira, mukafunse za tsiku la mayeso, za fizi ya teremu, za katundu wofunika, ndiponso ngati pali thandizo la ana osowa, kaya la Mpingo, kaya la ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kuboma, kaya la mabungwe monga CAMFED amene amalipirira atsikana. Popita kumeneko mutenge mwanayo, ndipo mafunso ena mumulole afunse yekha.

Sabata yamawa, nthawi yonga yomweyi, tidzakamba za ana aamuna amene akusiya sukulu kuthamangira ku Joni ndi kunyanja.

(Nyimbo yotsekera)